Chala cha Rozita ndi Chitini Changa cha Zikhadabo

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumawerenga zimene timalemberana pa foni. Ine ndine Jowana, kwathu ndi ku Mualadzi, koma ndimakhala pa Cassacatiza, pamalire, kumene ndimakonza zikhadabo. Kulankhula mokometsera sindidziwa, ndipo sindiphunzira lero, choncho mundipirire. Ndikufuna kuchitira umboni za chaka chimene ndinatchedwa mfiti chifukwa cha chala cha munthu mmodzi, mpaka ndinatsala pang'ono kutaya ntchito yokhayo imene manja angawa amadziwa.

Shikola ndinasiyira panjira. Chifukwa chake mukuchidziwa kale: bambo anamwalira, njinga inagulitsidwa, ndipo mtunda sunafupike poona kuti ine ndikulira. Anzanga amene ndinkawaposa masamu lero ali ku Tete, amajambulitsa atavala zaukhondo. Ine anandipatsa khasu. Ndinalima mpaka ndinadana ndi fungo la dothi lonyowa. Kenako msuweni wanga anabwera kuchokera ku tauni n'kundisiyira alikate yakale, kachitsulo kodulira kaja, lisha yopalira m'mphepete mwa chikhadabo, ndi mabotolo a verinizi, utoto wa zikhadabo, otsala theka. Zina zonse ndinaphunzira poonera pa foni. Pa foni amaonetsa manja okongola ntchito itatha. Palibe amene amadzijambula akutsuka zitsulo.

Pa Cassacatiza ndinapeza malo pakhonde la baraka ya a Nabanda, mayi wachikulire wogulitsa sopo, mchere ndi zakumwa. Ndinali ndi kagome, mipando iwiri ndi beseni. Ankabwera amayi amalonda odutsa malire, atsikana a m'mabaraka, ngakhale amayi a kumidzi pakakhala ukwati. Sikuti ndinkalemera ayi, koma ndinkadya za manja anga, ndipo palibe amene ankandidzutsa m'mawa kuti ndikapalire munda wa eni.

Amayi akuno ali ndi kafunidwe kawo. Kakhungu kaja kamene kamakuta tsinde la chikhadabo, kamene pantchito yathu timati kutikula, amafuna ukachotse konse, pasatsale kanthu. Ukakasiya amati sudziwa ntchito, amapita kwina. Magazi akatuluka pang'ono amangoseka, ati ndiye kuti wafikapo. Ine ndinkadula monga akufunira. Ndikatha ndinkapukuta alikate ndi kansalu konyowetsa ndi mankhwala ochotsera verinizi, poganiza kuti chinthu chonunkha mwamphamvu chotero chimapha chilichonse.

Tsono za chitini. Amayi anga anandilera ndi lamulo limene nonse akuno mukulidziwa: chikhadabo ukawenga sutaya poyera, chifukwa munthu woipa akatola akhoza kukupweteka nacho. Pakhonde lija pamadutsa anthu a mayiko onse, ena sudziwa n'kumene akuchokera. Ndinaona kuti si bwino kusesera zikhadabo za anthu kumsewu. Ndinapeza chitini cha mkaka chokhala ndi chivundikiro, n'kumaikamo zonse zimene ndawenga, kuti chikadzaza ndikataye m'chimbudzi. Ndinkati ndikuteteza anthu. Sindinauze aliyense, chifukwa sindinaone chouza.

Khirisimasi itayandikira, anabwera Rozita, mpongozi wa a Nabanda, mkazi wa mwana wawo wamwamuna. Tinali amsinkhu umodzi, ndipo ankakonda kundiseka kuti ndine wankhanza pakamwa. Asanakhale iye pampando, ndinali nditangomaliza mayi wina wapaulendo amene chala chake chakuphazi chinali ndi kachilonda m'mbali. Ndinapukuta alikate monga mwa masiku onse.

"Dula, mana, mchemwali wanga, usandinyengerere ngati khanda," anatero Rozita. "Ndikufuna apongozi akaona aziti mwana wawo anakwatira wa ku Maputo."

Ndinadula. Pa chala cha mkombaphala cha dzanja lamanja panatuluka kadontho ka magazi. Ndinapukuta, ndinapaka verinizi wofiira, iye anapita akugwedeza manja m'mwamba kuti aume. M'mawa mwake anapita kukapalira chimanga, pobwera n'kuchapa matewera a mwana wake kumtsinje.

Sabata isanathe chala chinatupa. Poyamba m'mbali mwa chikhadabo munangofiira, kenako chinayamba kugunda ngati chili ndi mtima wakewake, mafinya n'kusonkhana pansi pa khungu. Anamanga masamba, sizinathandize. Anatema mphini padzanja, chinatupirabe. A Nabanda anapita kukaombeza cha ku Nsadzo, ndipo kumeneko anawafunsa funso limodzi lokha: ndani ali ndi zikhadabo za mwanayu?

Tsiku lotsatira ndinafika pakhonde dzuwa litangokwera, ndinapeza anthu atazungulira kagome kanga. A Nabanda anali atayala kapulana, chitenje chija, pansi, chitini changa chimene anachipeza pansi pa kagome chili m'manja. Anachitsegula n'kukhuthula. Abale, sindidzaiwala. Zikhadabo zofiira, zapinki, zakuda, zina zopanda utoto, kamulu ndithu. Amayi amene dzulo lake ankaseka nane anawerama n'kumatokosa ndi timitengo, aliyense kufunafuna zake.

"Ichi n'changa ichi! Mtundu uwu ndinapaka ine pa ukwati wa mng'ono wanga!"

"N'chifukwa chake mwendo wanga sukupola!"

"Amakagulitsa ku Zambia ameneyu. Mukamuona wapita kutsidya mumayesa akukagula verinizi?"

A Nabanda sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Jowana, ndinakupatsa khonde langa. Mpongozi wanga anakulakwira chiyani?"

Munthu wanzeru akanagwada n'kufotokoza modekha. Ine magazi anandikwera kumutu. Ndinati, "Ndikanakhala mfiti bwenzi ndikugona m'kachipinda kodontha? Bwenzi nditalodza kaye amene ali ndi magalimoto!" Palibe anaseka. Kenako ndinafotokoza za lamulo la amayi anga, koma mawu abwino akabwera pambuyo pa oipa salowanso m'khutu. Kagome kanga anakaponya m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, chitini a Nabanda anakatsekera m'nyumba mwawo.

Masiku otsatira anali owawa kuposa tsiku limene tinaika bambo. Pachitsime, ndikaika ndowa yanga pamzere, ena ankasuntha zawo. Kutchalitchi ndinakhala benchi lonse ndekha. Abusa anandiuza kuti ndilimbike m'pemphero, koma akazi awo pondipatsa moni anabisa manja m'kapulana. Sindikuwanena, ndikungonena zimene ndinaona. Amayi anatumiza uthenga kuchokera ku Mualadzi kuti ndibwerere, udzu wakula m'munda. Ndiye kuti khasu lija linali kundidikirabe, lisanatope.

Rozita naye ankaipiraipira. Ndinkamva kwa anthu kuti thupi latentha, sakutha kunyamula mwana, dzanja lonse lalemera. Ankati chalacho chikaduka kapena iye akafa, alamu ake adzandifuna. Ndinkaopa, inde. Koma choipa kwambiri n'chakuti ndinayamba kudzikayikira. Ndinkayang'ana manja anga n'kumadzifunsa ngati muli chinthu chimene ine mwini sindikuchidziwa. Anthu ambiri akakuuza chinthu chimodzi, umayamba kuchimva ngati choona.

Lamlungu mapemphero atatha ndinatsalira m'tchalitchi. Sindinagwade bwinobwino, ndinangokhala pansi. Ndinati: Mulungu, shikola munandilanda, sindinakufunseni. Bambo munatenga, ndinakhala chete. Tsopano mwalola kuti chinthu chimene ndinachita pofuna kuteteza anthu chikhale chondiphera. Sindikupempha chuma. Chala cha Rozita chisawole, basi. Ngati mukundimva, tumizani munthu amene akudziwa chimene chikuchitika, chifukwa ine sindikudziwa. Ndinatuluka osamva chilichonse mumtima. Kunalibe mtendere, kunalibe mawu. Kunali kutentha kokha.

M'mawa mwake ndinalongedza. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mabaraka, kudikira galimoto yolowera kwathu. Pafupi panali basi yochokera ku Tete imene inafa isanawoloke malire, amakaniko ali pansi pake, okwera atabalalika kufuna mthunzi. Mayi wina wonenepa, wa magalasi, anabwera molunjika kwa ine akuyang'ana chala chake.

"Ndiwe wokonza zikhadabo?" anafunsa. Ankalankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chinyanja. "Andiuza kuti ndisayandikire, ati ndiwe mfiti. Chabwino, mfitiwe, ndibwereke lisha, chikhadabo chathyoka pachitseko cha basi."

Dzina lawo anali Dona Selesiti, ndipo anali ndi salau yawo yokonzera tsitsi ndi zikhadabo ku Tete. Nditatsegula chikwama anaona alikate yanga. Anaitenga, anaitsegula, anayang'ana pamfundo pomwe zitsulo ziwiri zimakumana. Munali zakuda zouma.

"Menina, ichi umadulira anthu kapena umakumbira mbatata?"

Ndinafuna kuwayankha mwano, koma m'malo mwake ndinalira. Ndinawauza zonse, za kutikula, za mayi wa chilonda uja, za Rozita, za chitini. Sanandisisite pamsana. Anagwira chala changa n'kuyamba kundionetsa ngati mwana wa kalasi yoyamba.

Anati chikhadabo cholimbachi, chimene timapaka utoto, n'chakufa, n'chifukwa chake ukawenga sichipweteka. Pansi pake pali mnofu wamoyo umene chimagonapo, wodzaza magazi, ndiwo umachipatsa mtundu wofiirira. Kamwezi koyera kam'tsinde ndi nsonga chabe ya muzu, muzu weniweniwo wabisala pansi pa khungu, ndipo ndiwo umapanga chikhadabo chatsopano tsiku ndi tsiku. Kakhungu kaja kamene amayi amadana nako ndi chitseko cha muzuwo. Ukakadula mpaka magazi, watsegula chitseko. Ukadula ndi chitsulo chimene changochoka pa chilonda cha wina, walowetsa mlendo ndi dzanja lako. Kenako mwiniwake akapita kudothi ndi kumadzi a matewera, alendo amangolowa okha. Anatinso mankhwala ochotsera verinizi amachotsa verinizi, basi, sayeretsa chitsulo.

Ndinakwiya. Osati ndi iwo, koma ndi dziko limene mtsikana akhoza kugwira zitsulo pa matupi a anthu chaka chathunthu popanda womuuza chinthu chaching'ono ngati chimenechi. Mumtima munalinso kampumulo: sindinali mfiti. Chimene chinkadya chala cha Rozita chinali ndi dzina, ndipo chinali ndi mankhwala.

"Chala chili kuti?" anafunsa Dona Selesiti. "Tiye."

Ndinawauza kuti a Nabanda sangandilole kuponda pakhomo pawo. Anati ine ndiime kumpanda. Ndinaima pamenepo, ndikuona zonse. Rozita anali gone pamphasa pamthunzi, maso atalowa. Dona Selesiti anagwada, anapereka moni mwaulemu, anadzitchula, n'kupempha kuti aone. Atamasula masamba, anaonetsa a Nabanda kamzere kofiira kamene kanayamba kukwera kuchokera pachala kulowera padzanja.

"Amayi, za kumene munapita ine sinditsutsa, ndine mlendo. Koma mzere uwu ukafika kukhwapa, simudzakambanso za chala, mudzakamba za maliro. Lero lomwe apite kuchipatala."

A Nabanda anati mankhwala a kuchipatala sagwira pa zinthu zochita kutumizidwa. Dona Selesiti sanakangane nawo. Anangotambasula chala chawo chachikulu chakumanzere. Chikhadabo chake chinali chopindika, chogawanika pakati, chonga khungwa.

"Ichi sanandilodze munthu. Ndili mtsikana wophunzira ntchito tinkadulana tokhatokha ndi chitsulo chimodzi. Chinatupa chimodzimodzi, ndinachedwa, muzu unawonongeka. Ine ndinataya chikhadabo chokha. Uyu mukachedwa naye ataya zambiri. Nanga mwana uyo adzamunyamula ndani?"

Mwana wa Rozita anali kulira kumsana kwa mtsikana wina. A Nabanda anayang'ana mwanayo, anayang'ananso chala cha mlendo, kenako anatuma munthu kukaitana wa njinga yamoto. Kuchipatala anang'amba, anatulutsa mafinya, anamubaya jakisoni ndi kumupatsa mankhwala akumwa. Kutentha kunatsika. Patapita masiku chikhadabo chakale chinagwa chonse, panatsala mnofu wokha. Anamwino anati chala chapulumuka, koma za muzu sangalonjeze, nthawi ndiyo idzanene.

Musaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Anthu anati chipatala chachiritsa chilonda, koma chikhadabo chili m'chitini, sichidzabwereranso. A Nabanda ananditumizira mawu: chikamera chatsopano, ndiye kuti mtsikanayo alibe mlandu, chikapanda kumera, achoke pa Cassacatiza. Moyo wanga wonse unapachikika pa kanthu kobisika pansi pa khungu la munthu wina.

Basi ija isanakonzeke, Dona Selesiti anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa mwaukali. Sambitsa manja ako ndi a kasitomala ndi sopo musanayambe. Chitsulo ukagwiritsa ntchito, chitsuke ndi sopo ndi kamswachi mpaka pamfundo, kenako uchiwiritse. Iwo ku Tete ali ndi makina otenthetsera zitsulo, ine anati ndipeze kapoto kakekake ka pambaula, kosaphikiramo chakudya, madzi abwate nthawi yaitali, zitsulo ziume pansalu yoyera n'kuzisunga motseka. Gome ndi beseni uzipukuta ndi madzi a javeli, mankhwala oyeretsera zovala aja. Lisha yapepala sitsukika, aliyense akhale ndi yake. Chikhadabo chachikasu, chofumbutuka, chotupa m'mbali kapena cha mafinya, usachikhudze ndipo usachiphimbe ndi utoto, mwiniwake umuuze apite kuchipatala. Magazi akatuluka, siya ntchito, tsuka, phimba, chifukwa m'magazi mumayenda matenda oposa chotupa. Kutikula uyifewetse m'madzi ofunda, uyikankhe pang'onopang'ono ndi kamtengo, udule kokha kakufa kolendewera. Ndinati makasitomala akana. Anati, "Akane. Pakamwa uli napo, ndakumva." Basi itadzuka anakwera, ndipo sindinawaonenso mpaka lero.

Ku Mualadzi sindinapite. Ndinakhala, n'kumagwira ganyu yotunga madzi ndi kuchapa m'nyumba zogona apaulendo. Khasu ndinaligwiranso m'minda ya anthu, mano ali gwa. Kagome ndinakatola m'ngalande n'kukakhoma mwendo. Zitsulo ndinkaziwiritsa ngakhale panalibe wozigwiritsira ntchito, oyandikana nawo n'kumanong'onezana kuti mfiti ikuphika. Chimanga chinamasula, chinakhwima, chinayamba kuuma. Rozita ndinkangomuonera patali, chala atakulunga kansalu. Nthawi zambiri ndinkalephera kupemphera. Ndinkangoti, Ambuye, muzu uja. Mawu ena ndinalibe.

Nthawi yokolola, tsiku lina masana, ndikuchapa kuseri kwa kachipinda kanga, ndinamva munthu akuodira. Anali Rozita, mwana kumsana. Sanapereke moni wautali. Anamasula kansalu n'kundiyandikizira chala kumaso. Chikhadabo chinali chitamera kupyola theka, chopyapyala, chokhala ndi kamzere kopingasa, koma chamoyo, ndipo m'tsinde kamwezi koyera kankaoneka.

"Chinayamba kalekale," anatero. "Apongozi anati tidikire tione ngati sichigwanso. M'mawa uliwonse amachiyendera ngati munda wa fodya."

Ndinangokhala pansi m'madzi a sopo momwemo. Rozita anaseka mpaka mwana anadzuka.

A Nabanda sanapepese, ndipo sindikuyembekeza kuti adzapepesa. Anaitana amayi ena, anatulutsa chitini chija, onse akuona anakakhuthula m'chimbudzi, kumene ine ndinkafuna kukataya poyamba pomwe. M'mawa mwake ndikudutsa ndinaona mbali yanga ya khonde itasesedwa, makatoni a zakumwa atachotsedwapo. Anati, osandiyang'ana, "Kagome kaja ukadali nako?"

Woyamba kukhala pampando anali Rozita. Anaika dzanja pathaulo loyera n'kunena kuti, "Dula bwinobwino, mana." Ndinati, "Ukafuna wodula mpaka magazi upite kwa ogulitsa nyama." Ndinafewetsa, ndinakankha, chala chatsopanocho sindinachipake kanthu. Nditamaliza ndinasonkhanitsa zowenga zake pakapepala, ndinakulunga, ndinamufumbatitsa m'manja. Mpaka lero ndimatero ndi aliyense. Zikhadabo zako, tenga, ukataye wekha kumene mtima wako ukhazikike. Pagome panga sipagona kanthu ka thupi la munthu.

Si onse anabwerera. Alipo amene akandiona amabisabe manja, ndipo ena anapita kwa atsikana amene amadula mozama monga akufunira. Shikola sinabwerere, bambo sanabwerere, kachipinda kanga kakudonthabe. Sindikuuzani kuti zonse zili bwino, chifukwa ndingakhale ndikunama m'dzina la Mulungu. Koma ndinapempha chinthu chimodzi, mopanda ulemu, mtima uli wowawa, ndipo Iye anaimitsa basi yathunthu pamalire kuti mayi mmodzi athyole chikhadabo pachitseko. Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha zimenezo. Ndikuthokozanso Dona Selesiti, kulikonse kumene ali.

Kwa inu atsikana anzanga amene mukugwira zitsulo pa manja a anthu, wiritsani zitsulo zanu, ndipo chitseko cha muzu muchisiye. Kwa inu amene akunenerani zimene simunachite, benchi mukukhala nokha, musafulumire kulongedza. Pempherani ngakhale mawu atatsala atatu. Miyezi yonse ija ine ndinkayang'ana kansalu pachala cha Rozita n'kumati palibe chikuchitika, chikhalirecho pansi pake chikhadabo chinali kumera. Mulungu akusungeni nonse. Amen.